Mwana Woleredwa pa Foni

Panali munthu wina wa ku Simlemba, dzina lake Misheck. Fodya atamugwetsa zaka ziwiri zotsatizana, anatengana ndi mkazi wake Faustina ulendo wa ku Joni kukasaka maganyu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Chikumbusko, amene anali atangolowa sitandade 8, anamusiya kwa a Yobe, akulu ake a Misheck. Anawasiyiranso munda ndi makuponi a feteleza, ati mwana asagone ndi njala.

Basi isanawoloke ndi malire omwe, a Yobe anali atapeza tenanti waulere. Mwana uja anayamba kuthirira nazale, kenako kuokera, kuthyola ndi kusoka fodya m'chigafa. Feteleza wa kuponi anathera mu fodya wa a Yobe. Kusukulu anasiya kupondako. Koma mwezi ukatha a Yobe ankamuuza kuti asambe, avale yunifolomu, manja akuda ndi utomoni wa fodya awabise kumbuyo. Ankamujambula n'kutumiza chithunzi ku Joni, makolo n'kumasekerera kuti mwana akukula bwino. Ine zimenezi zimandipweteka mtima.

Mphunzitsi wake, Madamu Louisa, anasakasaka nambala mpaka anamupeza Misheck. Anamuuza kuti mwana sakuoneka m'kalasi, ndipo mayina a olemba mayeso akutumizidwa sabata yomweyo. Misheck anachita kuseka. Anati chibale ndi fupa sichiola, akulu ake sangamunamize, aphunzitsi azisamala za choko. Faustina naye anati mayiyo akungofuna kuti amutumizire foni ya ku Joni. Anadula foni.

Mayina anapita, la Chikumbusko palibe.

Tsiku limene anzake ankalemba mayeso, iye anali pansi akusankha fodya. Anawaona akudutsa ndi mapensulo m'manja. Anaimirira, n'kuponya fodya pamapazi pa a Yobe.

"Adada aakulu, fodya wanu musankhe nokha. Ine si tenanti wanu."

A Yobe anamuopseza ndi chikoti, iye osagwedezeka. Anatenga zovala zake m'jumbo, ulendo kwa Madamu Louisa. A Yobe anathamangira kuimba ku Joni kuti mwana wayamba mwano ndi zibwenzi. Misheck osafunsa n'komwe mbali ya mwana, anamukalipira pa foni kuti abwerere msanga akapepese. Chikumbusko anangoyankha kuti ku chigafa sabwererako, kaya wina afune kaya asafune. Madamu anamusunga, sukulu zitatsegulira anabwereza kalasi.

Khirisimasi itayandikira, Misheck ndi Faustina anatulukira ndi matumba odzaza. Apa m'pamene maso anatseguka. Munda wawo unali fodya yekhayekha, nkhokwe ilibe kanthu, a Yobe ali ndi njinga yamoto yatsopano. Anthu a m'mudzi, amene anali chete nthawi yonseyi, aliyense anayamba kunena kuti ankadziwa. Zinthu zikaonongeka mboni sizisowa.

Misheck anapita kusukulu mwamanyazi kukatenga mwana wake. Anauza ahedi kuti chaka chino asayinira yekha zonse za mayeso, poti kholo lafika. Ahedi anatulutsa fomu imene Chikumbusko anali atalemba kale. Pamzere wa dzina la kholo panali dzina la Madamu Louisa.

Anamuitanitsa mwana uja. Misheck anamufunsa ngati waiwala amene anamubereka, n'kumukumbutsa kuti iwo ankavutika kunja chifukwa cha iye yemweyo. Faustina anali akulira. Chikumbusko anagwada mwaulemu, koma mawu ake sanagwade.

"Adada, sindinaiwale. Koma Madamu atakuuzani zoona munadula foni. Ine nditathawa munati ndikapepese. Chaka chonse simunandifunseko ngakhale kamodzi kuti mwana wanga, uli bwanji. Dzina limenelo sindifufuta."

Ananyamuka n'kubwerera m'kalasi. Misheck anatsala ndi cholembera m'manja, popanda poti asayine.

Phunziro: Inu makolo amene muli kunja, katundu salera mwana, ndipo m'bale si mngelo. Muzilankhula ndi mwana wanu iye mwini, ali payekha, ndipo wina akakuchenjezani musathamangire kunena kuti ndi nsanje. Mukachedwa mudzapeza malo anu atakhalapo wina. Nkhaniyi tumizirani abale anu onse amene ali ku Joni, angakwiye akwiye, bola amve.