Paipi ya Pakhomo pa Nangozo

Chikhazikitsireni lamulo latsopano, paipi yodutsa pakhomo pako ndi yako. Ikadontha masiku atatu, kamakina ka pathanki kamatseka madzi a mzere wonse, ndi mpopi wofiira wozimitsira moto womwe. Pakhomo pa Nangozo linali tsiku lachitatu paipi ikudontha, mwezi wa Okutobala, udzu wa madenga utauma gwa.

Nangozo ankangozungulira chithaphwicho, kulowa m'nyumba, kutulukanso. Anthu odutsa analeka kumupatsa moni, ankangoyang'ana matopewo.

"Bambo a Tadala, dzuwatu likupendeka," anauza mwamuna wake, yemwe ankasenda nzimbe pakhonde.

"Ine ndine mkamwini, mayi. Nditafuna kudzala mango pamenepo, achimwene anu anati dothi lino si langa. Nanga paipiyo siili m'dothi?"

Nangozo anaimbira foni achimwene akewo kutauni.

"Mlongo wanga, madziwo ndimamwa ine? Alamu ali pomwepo, akumbe."

Nangozo anadula foni, anamanga chitenje m'chiuno, natenga khasu. Anakumba mpaka dzenje linamufika m'mawondo. Atapeza mng'alu, anaukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga mpaka kudontha kunaleka. Kenako anapita pakamakina kaja, pomwe amalembetsa mwini paipi, nadindapo chala chake.

Madzulo mwamuna uja anatenga ndowa kuti akasambe. Anapotokola mpopi wa pakhomo, koma sipanatuluke ngakhale dontho.

"Umatsegukira chala cha mwini wake," anatero Nangozo, akuchotsa matope m'zikhadabo. "Aimbireni alamu anu."