Makina Otchetchera pa Mtunda wa Parokiya

Otília ankasenda mbatatesi imodzi yomweyo osaimaliza, maso ali pa mwamuna wake Silvino, yemwe anali atakwera makina otchetchera kapinga pa parokiya ya ku Zóbuè. Padiri, wansembe wa parokiyayo, anali atachenjezeratu kuti makinawo akadzangogubuduka, ntchito yathera pomwepo.

"Taonani, mayi a Denise!" anafuula Silvino, akudula mtunda chopingasa. "Ngati mizere ya chimanga! Zaka zathu zothawa nkhondo ku Malawi sizinapite pachabe."

Tayala lakumtunda linanyamuka. Silvino anakumbatira chiwongolero, chipewa n'kugwa. Makinawo anapendekeka, mwamwayi n'kukhazikikanso. Anawazimitsa ali wefuwefu.

Otília anaika mpeni m'mbale, n'kusendera pafupi.

"Bambo a Denise, mizere ilibe matayala. Pamtunda muzikwera molunjika, muzitsika molunjika, pang'onopang'ono. Pokhotera ndi pathyathyathya paja."

Silvino anaseka uku akupukuta thukuta. "Inu za makina mwazidziwira kuti?"

Otília anayang'ana pansi kaye, kenako anadzutsa mutu.

"Mwezi watha muli gone ndi malungo, mumayesa kapinga uyu anadzitchetcha yekha? Padiri anakuyamikirani pa Misa, inu n'kuimirira, manja pachifuwa."