Kalata Yokulungira Misomali

Mayi a sitolo ya zitsulo aja, inu, anali pakati pokulungira kasitomala misomali m'kalata ya ku banki pamene bambo wa ku bankiko analowa, tayi ili pakhosi.

"Imeneyo musang'ambe, mayi."

Mayiwo anaseka chikhakhali. Kalatayo inali lonjezo la banki loti idzawalipirira malata omwe anaitanitsa kunja, nyumba yawo ili chikole. Koma malatawo sanafike, ndipo kalatayo inatha ntchito Lachisanu. Mayiwo anali atalengeza kale mumsika monse kuti apulumuka ku ngongole.

"Inafa iyi, achimwene. Taonani tsikuli."

"Ndaliona. Koma wokugulitsani malata uja anabweretsa mapepala ake oti katundu watumiza Lachinayi, kalata ikadali moyo. Tinamulipira zonse. Ngongoleyo tsopano ndi yanu."

"Mwalipira chiyani? Malatawo ali kuti?"

"Ife timaona mapepala, mayi, osati malata. Mukalephera kubweza, titenga nyumba."

Mayi aja kukamwa kunangoti yasa! Nyumba yogona ana awo anayi! Misomali inayamba kugwera pa simenti umodziumodzi.

"Ndiye mundikulungira m'chiyani?" anafunsa kasitomala.

Sanamumve n'komwe. Ankangowongola kalata ija ndi chikhatho, ngati akusisita njoka imene ankati inafa.