Zenera la Kuchipinda

"Zenera ili linali chitsegulire, mayi?" anafunsa Troels wa kampani ya inshuwalansi, akuyang'ana thambo pamene panali denga. Pabedi panali mbuu ndi chipale chofewa.

"Ndinatsegula ndine," anayankha Bodil.

"Namondwe ali mkati? Mphepo ikalowa m'nyumba imanyamula denga. Akamva zimenezi kuofesi sakulipirani."

"Amuna anga a Ejnar anatsirizikira pabedi pomwepo, mphepo ili kuwomba. Munthu akamwalira timatsegula zenera kuti mzimu wake utuluke. Kapena kwanu simutero, bambo?"

 Troels nayenso anawatsegulira zenera bambo ake tsiku limene anamwalira. Anapita pazenerapo, n'kulikoka mwamphamvu, n'kukhoma kachitsulo kake.

"Ndikanena kuti ndalipeza lotseka."

"Zikomo. Inenso ndimalitseka m'mawa uliwonse chiwaikire m'manda," anatero Bodil, akumanga mpango wake pakhosi. "Makolo anangotiphunzitsa kuwatsegulira kuti atuluke. Sanatiuze kuti njirayo saiiwala."

Kunja kunali bata, ngakhale kamphepo. Troels atafika pagalimoto anacheuka. Zenera lija linali lotsegula, ndipo Bodil anali ataima pambali pake, akupukuta ndodo yoyendera kunja ya amuna ake. Pomwe chipale chatsopano chinali pamphepete pa bedi, panali pataphwathika ngati pakhala munthu.