Patapata Kuseri kwa Mpanda

Kuno ku Chiyembekezo nyumba zili m'mizere, ndipo geti lililonse limalankhula. Ukati "Odi!" limafunsa chimene wadzera. Kungocheza sililola.

Sabata yonse sindinamve aNangondo, oyandikana nane, akukalipira adzukulu. Munthu wodwala shuga uja! Ndinamanga chitenje n'kupita.

"Mwadzera chiyani?" linafunsa geti.

"Kudzawaona."

"Aoneni pafoni."

"Iwe chitsulo, wodwala amamuzonda pafoni?"

"Chololedwa n'kudzatenga katundu wanu basi."

Sindinataye nthawi. Ndinavula patapata n'kuponya kuseri kwa mpanda. M'katimo wina anakuwa kuti, "Mayo!"

"Ndadzatenga nsapato yanga," ndinatero.

Geti linatseguka mwaulemu.

Pakhonde ndinapeza aNangondo ali pamkeka, mwendo uli wotupa koma pakamwa pali bwinobwino. Anawazungulira amayi anayi a mumzere wathu, aliyense phazi limodzi lopanda nsapato. Mmodzi ankadzisisita pamutu akundiyang'ana.

"Mwafika, amake Lonjezo?" anatero aNangondo. "Nsapato zakwana muno, chimene chatha ndi ndiwo. Mawa mudzaponye kabichi. Koma muyambe mwakuwa, tibisale."