Zala Zitatu za Telala

Nkhani iyi ndinaimva kalekale, ndikuyenda ndi malole a matabwa, imvi zisanandipeze. Lole itatifera panjira, ndinakabisala mvula m'kashedi ka wosula zitsulo. Iyeyo ndiye anandiuza, ndipo mfuti yong'ambika ya m'nkhaniyi ndinaiona ndi maso angawa, ili pakhoma.

Panali munthu wina, telala wodziwika, amene bambo ake anamusiyira mfuti ya gogodela, ija yothira wonga ndi chipolopolo kukamwa n'kutsindira ndi kandodo. Nguluwe zitayamba kumuthera mbewu m'munda, anapita nayo kwa wosula uja kuti akaione.

"Achimwene, mwauona mzere uwu pakandodoka?" anafunsa wosula. "Anadula ndi bambo anu. Chipolopolo muzikulunga m'kansalu kopyapyala kopaka mafuta, n'kutsindira mpaka mzerewu ufike pakamwa pa mfuti. Ukapanda kufika, ndiye kuti chipolopolo chatsakamira panjira, sichinakhale pa wonga. Zikatero musawombe. Bwerani nayo kuno."

Telala anaseka. "Inu dziwani zitsulo zanuzo. Za nsalu tisiyireni ife."

Atafika kunyumba anatsegula kachitini ka bambo ake, n'kupezamo tinsanza tofewa tonunkha mafuta. Anatitaya. "Ine telala wathunthu n'kumagwiritsa masanza?" Pansi pa makina anatolapo chigamba cha jekete, chokhuthala, chatsopano. Mumtima anati nsalu yolimba iponya chipolopolo mwamphamvu.

Dzuwa litapendeka, mlamu wake anabwera akuthamanga. "Alamu, zalowa! Zilipo zinayi!"

Telala anathira wonga, n'kukulunga chipolopolo m'chigamba chija. Anatsindira. Chinalowa pang'ono n'kuima. Anatsindiranso, thukuta kamukamu. Anatenga mwala n'kukhoma kandodo. Chipolopolo osasuntha. Mzere uja unali udakali pamwamba.

Mlamu anayeza ndi dzanja. "Alamu, kwatsalatu zala zitatu."

"Zala zitatu n'chiyani? Wonga ukankha wokha."

Mkazi wa telala anaima pakhomo. "Bambo a kunyumba, wosula uja anati chiyani? Zisiyeni zidye, tidzabzala zina."

"Iwe, lowa m'nyumba!"

Kumunda telala anagwada kuseri kwa chitsa. Mlamu anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Telala anayika tsaya pamfuti, dzanja lamanzere litagwira mpope, pamalo penipeni pamene chipolopolo chinatsakamira. Anakoka.

Phuu!

Utsi utachoka, nguluwe zonse zinayi zinali zitathawa zili bwinobwino. Mpope wa mfuti unali utang'ambika ngati bango. Telala anakhala pansi osalira, akungoyang'ana dzanja lake. Zala zitatu panalibe.

Akuti mpaka lero amakhala pamakina ake aja n'kumapalasa ndi mapazi, koma nsalu amagwira ndi mkazi wake. Mlamu uja khutu limodzi silimva.

Phunziro: Kudziwa ntchito yako sikudziwa ntchito ya mnzako. Ukapeza mzere umene anadula akuluakulu, usauderere, chifukwa pena wina anakhetsapo magazi kuti udulidwe. Chinthu chikakana kulowa, usachikakamize, bwerera kwa mwini luso. Tumizirani abale anu nkhaniyi, makamaka aja okonda kunena kuti "kwatsala pang'ono pokha".

Ine ndinyamuke, abale, kusanade kwenikweni. Chikwama ndamanga kale, ndipo miyendo yangayi sinaphunzirebe kukhala malo amodzi.