Lamba Woyenda M'ndowa

Foni ya ku ofesi inamupeza Kapitawo ali pa nsanjika yachitatu, akukalipa chifukwa cha matope amene anaumira m'wilibala. Uthenga unali waufupi: kukubwera munthu wa za malamba achitetezo, afika teni koloko.

Kapitawo anakhala pa thumba la simenti. Mwezi wapitawo oyendera a boma anatseka nyumba ina imene inkamangidwa tsidya la msewu, ndipo kapitawo wa kumeneko mpaka lero ali pakhomo, akuthirira maluwa a mkazi wake. Mlandu wake unali wogwiritsa anthu ntchito m'mwamba opanda malamba.

Iyeyu anali ndi amisiri khumi ndi awiri. Lamba anali mmodzi.

Kunena zoona, sikunali kufuna kwake. Analemba makalata anayi opempha malamba, onse anakalowa ku ofesi osabwerako yankho. Koma ndani angaonetse woyendera makalata m'malo mwa malamba? Lamba mmodziyo anali wakale, wa dontho la penti wachikasu paphewa, ndipo ntchito yake yeniyeni inali yomangira chitseko cha stolo mphepo ikavuta.

"Tamverani kuno, akuluakulu," anatero atawasonkhanitsa. "Nyumbayi ili ndi mbali zinayi. Nonse mubisale mkati. Mlendo akaima mbali ino, pa sikafodi, pa matabwa okwerapo akunja aja, patuluke munthu mmodzi yekha, atavala lamba, ngowe ya lambayo atakola pachitsulo. Tikangokhota pakona, lamba alowe m'ndowa ya matope, akokedwe pa bowo la masitepe, akapeze wina mbali inayo."

"Nanga ine ndi mimba yangayi ndikwanamo?" anafunsa Chimimba, mmisiri wa pulasitala.

"Uzipuma mwaulemu. Udzapuma bwinobwino mlendo akapita."

Teni koloko itangokwana, pageti panalowa pikapu yoyera, kumbuyo kuli makatoni ofunditsidwa lona. Munatsika bambo wa chipewa cholimba chatsopano ndi faelo m'khwapa. Sanalankhule zambiri. Anangoti afuna aone mmene anthu akugwirira ntchito m'mwamba.

Mbali yoyamba kunali Wapenti, akupaka khoma mwaluso ngati akujambulidwa, ngowe ili gwa pachitsulo. Mlendo analemba m'faelo.

Pakona Kapitawo anamuimika kuti amuonetse mchenga. Anautamanda mchengawo ngati mwana wake, khutu lili mkati mwa nyumba, kumene ndowa inkagunda makoma pokwera.

Mbali yachiwiri kunali Chimimba, nkhope itafiira, lamba atamufinya mimba. Anapereka moni ndi mutu wokha, popeza mpweya wolankhulira unalibe podutsa.

Mbali yachitatu kunali Kafupi wowotcherera zitsulo. Nthawi yochepetsa zingwe inasowa, choncho lamba ankalendewera pathupi pake ngati jekete la malume. Mlendo anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Malamba anuwa," anatero mlendo, "onse ali ndi penti wachikasu paphewa lakumanzere?"

"Ndi chizindikiro chathu, bwana. Akuba achuluka."

"Nzeru zabwino. Ndikawauza ndi kwina azitero."

Kumbali yachinayi ndowa inachedwa. Kapitawo anagwada kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale, kenako anamasula chinacho n'kumanganso. Podzuka anaona mlamu wake, amene anamulembetsa yekha ntchito, ataima kumwamba kwenikweni, lamba ali pathupi. Mtima unamukhala pansi, ngakhale panali kanthu kena kamene kanamubaya: aka kanali koyamba kumuona mwamuna wa mlongo wake atamangirira chilichonse pamwamba paja.

"Anthu muli nawo angati?" anafunsa mlendo.

"Khumi ndi awiri, bwana."

"Aliyense ndi lamba wake?"

"Aliyense. Kuno opanda lamba sakwera ngakhale pa mpando."

Anabwerera ku galimoto. Mlendo anatambasula faelo pa boneti n'kuloza poti asaine. Kapitawo anasaina ndi siginecha yake ya pa zikalata zofunika ija, ya mchira wautali. Kumwamba amisiri ankasuzumira pa mazenera opanda mafelemu, akumukwezera zala zazikulu. M'maganizo anali atayamba kale kuyeserera mmene adzaifotokozere nkhaniyi kwa akapitawo anzake.

Mlendo anamugwira chanza, anazungulira kumbuyo kwa pikapu n'kukunga chingwe cha lona.

"Mwandipepukitsira ntchito, akapitawo. Ine ndine wa ku stolo yaikulu ya kampani. Anandituma ndi malamba atsopano khumi ndi awiriwa, ati munalemba makalata anayi odandaula. Poti mwasainira kuti muli nawo okwana, ndikawasiya kumene alibe. Oyendera a boma akakupezani Lachisanu, mudzawaonetse zomwezi."